Tisanafike pa mbewa: kodi zebrafish ingatiuze chiyani za mankhwala a RNA?

Tiyamike:
Akuluakulu, ndabwera ndi funso, makamaka kwa inu amene munagwirapo zebrafish, kansomba kakang'ono ka mizeremizere koyeserapo m'labu, ndi manja anu. Gulu lathu likukonza siRNA (kachidutswa kakafupi ka RNA kozimitsa jini) yoti itsitse puloteni ina imene imapangidwa m'chiwindi. Taikulunga m'timipira ta mafuta, ma LNP aja, ndipo timipirato tilipo ta mitundu ingapo, tosiyana kasakanizidwe ka mafuta ake. Kuyesa mitundu yonse pa mbewa sikutheka, ndipo a komiti yoona za nyama sangalole n'komwe. Amene amatiyang'anira akuti tiyambe tasefa pa tiana ta zebrafish, kenako tisankhe mitundu yochepa yopita ku mbewa. Koma mtima wanga sukukhazikika. Mankhwala a RNA amagwira ntchito pomamatira ku zilembo za uthenga wa jini. Nanga zilembo za nsomba ndi za munthu zimafanana mpaka pati kuti zotsatira zake ndizikhulupirire?

Limbani:
Achemwali, chikaiko chanucho chisungeni. Taonani mankhwala a RNA amene ali kale m'zipatala: nusinersen wa 2016, patisiran wa 2018, givosiran wa 2019, kenako inclisiran. Umboni waukulu umene unawatsegulira khomo loyesedwa pa anthu unachokera ku maselo a munthu, mbewa, makoswe ndi anyani. Ine ndimagwira ntchito yoona za kuopsa kwa mankhwala, ndipo ndikamamva anthu akuti "nsombayi imafanana ndi munthu 70 peresenti" ndimada nkhawa, chifukwa ambiri amamva ngati jini iliyonse ya nsomba ndi ya munthu n'chimodzimodzi.

A Nkhoma:
A Limbani anena zoona pa nkhani ya 70 peresentiyo, ndiye tiyambire pomwepo. Chiwerengerochi chinatuluka mu 2013, pamene a Wellcome Sanger Institute ndi anzawo anamaliza kuwerenga majini onse a zebrafish. Chimene anapeza n'chakuti pafupifupi 70 pa majini 100 aliwonse a munthu ali ndi mbale wake mu nsombayi, ndipo pa majini odziwika kuti amayambitsa matenda chiwerengerocho chimaposa 80. Koma ubale si kufanana nkhope. Makolo athu ndi makolo a nsombazi anasiyana njira zaka zoposa 400 miliyoni zapitazo. Puloteni ikhoza kukhala ikugwirabe ntchito yomweyo pamene zilembo za RNA zoilembera zinasinthasintha kalekale, makamaka chilembo chachitatu cha kodoni iliyonse (kagulu ka zilembo zitatu), osanenanso za mbali za uthenga zimene sizimasuliridwa kukhala puloteni. siRNA yanu, a Tiyamike, ili ndi zilembo 21 kapena kuyandikira pamenepo. Zilembo ziwiri zitatu zikasemphana pamalo ofunika, basi, yasowa pogwira. Onjezanipo kuti makolo a nsomba za mtundu umenewu anachulukitsa majini awo onse kawiri, choncho majini ambiri amene munthu ali nayo imodzi, zebrafish ili nawo awiri, a ndi b.

Komabe ine sindinganene kuti siyani nsombazo. Funso lanu lili ndi mafunso awiri mkati mwake. Loyamba, kodi siRNA ikuzimitsa jini ya munthu? Limenelo mukafunse maselo a chiwindi cha munthu m'mbale, kenako nyama yoyenera. Lachiwiri, kodi timipira tanu tikalowa m'magazi timapita kuti, ndani amatidya, ndipo timatula katundu wake m'maselo ati? Pamenepo ndiye zebrafish ilibe mnzake. Ndipo ngati ndamva bwino, chimene mukufuna kusefa ndi timipira, osati siRNA.

Tiyamike:
Eya, siRNA ndi imodzi, tinaiyesa kale m'maselo. Zosiyana ndi timipirato.

Mayi Nangozo:
Ndiye mwabwera pakhomo loyenera, mwana wanga. Ndikufotokozereni momwe zimaonekera, chifukwa mapepala sanena zonse.

Madzulo mumaika nsomba yaimuna ndi yaikazi m'kathanki kokhala ndi chotchinga pakati. M'mawa magetsi akangoyaka mumachotsa chotchingacho, ndipo mazira amagwera pansi kudutsa pa sefa kuti makolo asawadye. Yaikazi imodzi yathanzi ikhoza kukupatsani mazira 200 kapena kuposerapo. Mumawasunga pa madigiri 28.5. Pakatha maola 24 mtima wayamba kale kugunda, ndipo thupi lonse limaonekera mkati ngati galasi la pawindo.

Pa tsiku lachiwiri mumagoneka kansombako ndi mankhwala a tricaine, n'kukaika cham'mbali m'jeli ya agarose kuti kasasunthe. Singano yake ndi kachubu kagalasi kokokedwa pa moto mpaka nsonga yake singaoneke ndi maso. Mumalunjika pa duct of Cuvier, mtsempha wotambalala umene umadutsa pamwamba pa thumba la chakudya n'kulowa mumtima. Mulingo wake ndi nanolita imodzi. Mukabaya bwino, mumaona kadontho ka utoto kakukokedwa ndi mtima, kamodzi, kawiri, kenako kamwazikira thupi lonse mpaka kumchira. Mukabaya m'thumba la chakudya m'malo mwa mtsempha, utoto umangoundana pomwepo, ndipo kansomba ameneko mumakachotsa pa mndandanda.

Ife timagwiritsa ntchito nsomba zimene mitsempha yake imawala mobiriwira, za fli1:EGFP zija anapanga a Nathan Lawson ndi a Brant Weinstein mu 2002. Timipira mumatipaka utoto wofiira. Pakapita ola limodzi kapena awiri, pa maikulosikopu nkhani yonse ili poyera. Mtundu wina ukuyendabe ndi magazi, kungooneka ngati chifunga chofiira m'mitsempha. Wina wamamatira kale m'makoma a mtsempha wa kumchira. Wina mukuuona m'mimba mwa ma macrophage, maselo odya zinyalala aja, akuyenda nawo pang'onopang'ono. Pa mbewa, kuti mudziwe zimenezi nthawi zambiri mumafunika kuipha, kudula ziwalo, n'kuona chithunzi cha mphindi imodzi yokha. Apa mukuonera zamoyo, ndipo mitundu yanu yonse mutha kuiyesa m'sabata imodzi, uliwonse pa tiana tambiri.

Chisomo:
Pepani mayi, ine ndine wophunzira chabe. Mwati timamamatira kumchira. Koma a Tiyamike akufuna chiwindi. Mchira ukutithandiza chiyani?

Mayi Nangozo:
Funso labwino, a Chisomo. Yankho lake linachokera ku Leiden University, ku gulu la a Alexander Kros ndi a Frederick Campbell, mu 2018. Anaonetsa kuti maselo okuta mtsempha wa kumchira kwa kansombaka amagwira ntchito yomwe m'thupi la munthu ndi mbewa imagwiridwa ndi maselo okuta timitsempha ta m'chiwindi: kusesa tizinthu tachilendo m'magazi. Anapezanso puloteni imene imakola timipirato, dzina lake stabilin-2. Atawononga jini yake mu nsomba, timipira tambiri timene tinkamamatira tinapitiriza kuyenda ndi magazi. Choncho mukaona timipira tanu tadzaza kumchira kwa nsomba, yembekezani kuti pa mbewa tikathera m'chiwindi, koma m'maselo a m'makoma a mitsempha, osati m'maselo enieni opanga mapuloteni amene a Tiyamike akuwafuna. Mu 2022 gulu lomwelo linatenga LNP yofanana ndi ya patisiran, n'kusinthamo mtundu umodzi wa mafuta. Mu nsomba mRNA, RNA yonyamula uthenga wa jini imene inali m'timipiramo, inasintha kolowera, ndipo atayesa pa mbewa zinatsimikizika.

Chenjezo lokha, a Tiyamike: pa tsiku lachiwiri chiwindi cha kansombako chimakhala chisanalowedwe bwino ndi magazi. Zimenezo zimachitika chakumapeto kwa tsiku lachitatu. Ngati mukufuna kuona chiwindi chenichenicho, bayani pa tsiku lachinayi.

Tiyamike:
Zikomo mayi, zimenezo ndalemba. Koma kufika kwa timipira si kutula katundu. Tambiri timalowa m'selo n'kutsekeredwa m'timatumba ta endosome, RNA osatuluka. Bwanji nditapanga siRNA ina yolunjika jini ya nsombayo, kuti ndione ngati ikuzima?

A Nkhoma:
Apo ndiye ndikuletsani. siRNA ndi zebrafish sizinamvanepo bwino chiyambire. A Andrew Fire ndi a Craig Mello atafotokoza za RNAi, njira yozimitsa jini ndi RNA, mu 1998, pa nyongolotsi ya C. elegans, anthu a nsomba anathamangira kukayesa, koma chimene ankapeza chinali miluza yopunduka mosasankha jini. Chifukwa chimodzi n'chakuti mluza wa zebrafish umadalira kwambiri RNA yake yaing'ono (microRNA) yotchedwa miR-430 kuti uchotse RNA yomwe mayi anasiya m'dzira, monga a Antonio Giraldez anaonetsera mu 2006. Mukathiramo siRNA yambiri, imalanda zida zomwezo, ntchito ya mluza n'kuima. Chifukwa china chinadziwika mu 2017 ku labu ya a David Bartel: puloteni ya Argonaute2, mpeni umene siRNA imautsogolera kuti udule uthenga, ndi wobuntha mu zebrafish poyerekeza ndi wa munthu. Ndiye siRNA yanu ikalephera mu nsomba simudziwa ngati vuto ndi timipira kapena mpeniwo.

Chitani chonchi. M'malo mwa siRNA, ikani m'timipira tomweto mRNA yolembera puloteni yowala. Mawa lake selo lililonse limene lawala likukuuzani kuti timipira tinafika, tinalowa, ndipo RNA inathawa m'katumba kaja.

Limbani:
Pamenepo ndikutsutsani pang'ono, aphunzitsi. mRNA ili ndi zilembo mazana kapena masauzande, siRNA ili ndi 21. Mukasintha katundu, kamangidwe ka kampirako kamasinthanso, ngakhale mafuta ali omwewo. Ndiye amene wayesedwa mu nsomba si mankhwala amene adzapite ku mbewa.

A Nkhoma:
N'zoona, ndipo n'chifukwa chake ndinganene kuti achite zonse ziwiri: siRNA yeniyeniyo yopakidwa utoto kuti aone kumene ikupita, ndi mRNA yowalitsa kuti aone kumene katundu akutulidwa. Zikagwirizana, ali ndi pogwira. Zikasemphana, aphunzirapo kanthu asanawononge mbewa.

Chisomo:
Nanga ma morpholino? Tinaphunzira kuti amagwira bwino mu zebrafish, ndipo ndamva kuti eteplirsen, mankhwala a matenda a minofu a Duchenne, nayenso ndi morpholino.

A Nkhoma:
Mwamva zoona. Kapangidwe kake ndi kamodzi: kachingwe kakafupi kopangidwa m'labu komamatira ku uthenga wa jini. A Aidas Nasevicius ndi a Stephen Ekker anaonetsa mu 2000 kuti morpholino akabayidwa m'dzira amatseka jini imene mwasankha, ndipo kwa zaka zoposa 10 pafupifupi labu iliyonse ya nsombazi inkadalira njira imeneyi. Morpholino sadula uthenga, amangoukhalira. Ndiye safuna mpeni uja.

Limbani:
Koma musaiwale kunena za 2015. Labu ya a Lawson inayerekeza nsomba zobayidwa morpholino ndi nsomba zimene jini yomweyo inawonongedwa mu DNA, ndipo pafupifupi 80 peresenti ya zilema zimene ankati zikuchokera ku jini sizinaoneke mu gulu lachiwiri lija. Zina zinali poizoni chabe wa morpholino wochuluka, amene amadzutsa puloteni ya p53, maselo n'kuyamba kufa.

A Nkhoma:
Sindikubisa zimenezo. Koma chaka chomwecho labu ya a Didier Stainier inaonetsanso mbali ina: nthawi zina jini ikawonongedwa mu DNA, selo limadzutsa majini ena apachibale kuti atseke dzenjelo, pamene morpholino sadzutsa chipukuta misozi chimenechi. Mu 2019 anadzafotokoza kuti chimene chimayambitsa zimenezi ndi tizidutswa ta uthenga wowonongekawo ukamaphwanyidwa. Kwa munthu wopanga mankhwala a RNA imeneyi si nkhani yaing'ono. Ikutanthauza kuti kuzimitsa jini pa RNA ndi kuiwononga pa DNA sizibala zotsatira zofanana nthawi zonse, ndipo tinaziphunzira ku nsomba.

Dalitso:
Pepani polowerera, ine si wasayansi. Ndinalowa m'gulu muno chifukwa mwana wa achemwali anga ali ndi matenda a Duchenne. Wayamba kuvutika kudzuka pansi, amachita kukwera ndi manja pa mawondo ake. Ndinawerengapo kuti nsomba zokhala ndi matenda omwewa zinachira ndi mankhwala ngati amene mukutchulawa. Ndiuzeni mosabisa, ndiye kuti mankhwala ali pafupi?

Mayi Nangozo:
Achimwene, simunalakwe kulowerera, ndipo pepani ndi zimene banja lanu likudutsamo. Ndikuyankhani monga ndikudziwira.

Nsombayo ilipodi, imatchedwa sapje. Jini yake ya dystrophin, puloteni yolimbitsa minofu, ndi yowonongeka, ngati momwe zilili mwa mwanayo. Mukaiika pansi pa kuwala kosefedwa mwapadera, minofu ya kansomba kathanzi imawala mizere yoyera yondondozana bwino kuyambira kumutu mpaka kumchira, pamene ya kodwala imakhala ndi zigamba zakuda pomwe ulusi wa minofu wadukaduka. Jini ya dystrophin ili ndi zigawo 79. Njira ya morpholino ndi yophimba chigawo chimodzi kuti selo lichidumphe powerenga, n'kupanga puloteni yaifupi koma yogwirako ntchito. Ku Australia, labu ya a Peter Currie inayesa zimenezi pa nsomba zopanda dystrophin mu 2011, minofu n'kuoneka kuti yabwerera.

Koma onani kusiyana kwake. Mu nsomba, mankhwala amabayidwa m'dzira likadali selo limodzi, ndiye selo lililonse lobadwa pambuyo pake limatengako gawo. Mwana ali ndi minofu thupi lonse, kuphatikiza mtima ndi minofu yopumira, ndipo mankhwala ayenera kuyenda m'magazi, kupulumuka ku impso, n'kulowa mu ulusi uliwonse. Vuto lalikulu lagona pamenepo. Eteplirsen atavomerezedwa ku America mu 2016 panali mkangano waukulu pakati pa akatswiri, chifukwa dystrophin imene inawonjezeka mwa anawo inali yochepa kwambiri. Komanso amathandiza okhawo amene vuto lawo limakonzeka podumpha chigawo 51, amene ndi pafupifupi 13 pa odwala 100 aliwonse. Aliponso golodirsen ndi viltolarsen a chigawo 53, ndi casimersen wa chigawo 45. Choncho chinthu choyamba kufunsa madokotala a mwanayo ndi kuyeza jini, kuti mudziwe malo enieni amene pali vuto. Ndipo chisamaliro chimene chilipo kale, cha mtima, cha kapumidwe ndi mafizo, chisaime podikira nkhani za m'labu.

Dalitso:
Ndathokoza mayi. Za kuyeza jinizo sitinkazidziwa, ndikawauza achemwali.

Limbani:
Mayi Nangozo akhudza mfundo yomwe ndimafuna, ya magazi. Ndionjezere zina zimene a Tiyamike ayenera kulemba poyera m'lipoti mwawo. Kansomba kali pa madigiri 28, munthu ali pa 37, ndipo mafuta a timipira amalimba kapena kufewa malinga ndi kutentha. Zebrafish ilibe albumin, puloteni yochuluka kwambiri m'magazi athu, imene ma antisense ambiri, mankhwala a chingwe chimodzi omamatira ku uthenga wa jini, amaikwera kuti asatayike msanga mu mkodzo. Ndiye amene akuyesa antisense yosakulunga achenjere kawiri. Ilibe mapapo. Ndipo chachikulu kwa ine ndi chitetezo cha m'thupi. Ma macrophage ndi ma neutrophil alipo kuyambira masiku oyambirira, koma chitetezo chopanga ma antibody chimakhwima pakatha masabata 4 mpaka 6. Patisiran amaperekedwa m'dripu masabata atatu aliwonse, ndipo wodwala amayamba walandira mankhwala oziziritsa chitetezo kuti thupi lisachite ukali. Kansomba ka masiku anayi sikangakuuzeni zomwe zichitike pa mulingo wachisanu.

Mayi Nangozo:
Zonsezo n'zoona. Koma pa kuopsa kwa msanga kamalankhula, ndipo kamalankhula mofulumira. Thumba lokuta mtima likatupa madzi mumaliona. Kugunda kwa mtima mumawerenga ndi maso, ndipo liwiro lake lili pafupi ndi la munthu kusiyana ndi la mbewa, umene umagunda koposa 500 pa mphindi. Magazi akaundana mumtsempha, mchira ukapindika, chiwindi chikada, zonse zili poyera. Mtundu wa timipira umene ukupha theka la tiana pa mulingo wochepa, ine sindingaupititse kwa mbewa.

Chisomo:
Ine ndinamva kuti anthu amakonda tianati chifukwa malamulo satiwerengera ngati nyama.

Mayi Nangozo:
Ku European Union lamulo la 2010 limayamba kuteteza tiana ta nsomba tikayamba kudya patokha, ndipo kwa zebrafish amawerengera masiku 5. Maiko ena ali ndi malire awo, ndiye funsani komiti yanu. Koma ine sindikonda kuti nkhaniyi izikambidwa ngati njira yozembera. Kansomba ka masiku anayi mukakakhudza kamathawa. M'labu mwathu timakagoneka tisanakabaye, timawerengeratu chiwerengero chimene tikufunikiradi, ndipo pomaliza timakapha mosazunza. Mfundo zitatu za a William Russell ndi a Rex Burch za 1959, zosintha nyama ndi njira ina, kuchepetsa chiwerengero, ndi kuchepetsa ululu, sizinati nsomba ndi yaulere. Phindu lenileni ndi lakuti mbewa zimene zikanafera mitundu yosathandiza sizifa.

Limbani:
Ndipo popeza a Chisomo afunsa za malamulo: lamulo la ku America la FDA Modernization Act 2.0, la mu December 2022, linachotsa mawu okakamiza kuti mankhwala aliwonse ayesedwe pa nyama asanapite kwa anthu. Ena amalitchula ngati kuti tsopano zebrafish yokha ndi yokwanira. Silinanene zimenezo. Linangotsegula khomo la njira zina, umboni wake ukakhala wokhutiritsa.

A Nkhoma:
Ndibwerere pang'ono ku funso loyamba lija la zilembo, chifukwa vutolo si la nsomba yokha. Nusinersen amagwira pa jini ya SMN2, imene ili mwa munthu koma mbewa ilibe, zebrafish ilibenso. A Adrian Krainer ndi anzawo anachita kugwiritsa ntchito mbewa zimene zinaikidwa jini ya munthuyo. Milasen, amene a Timothy Yu anapangira mwana mmodzi yekha wodwala matenda a Batten ku Boston Children's Hospital mu 2018, ankalunjika vuto limene linalibe nyama iliyonse yoliyimira. Ngati akugwira ntchito anayesa m'maselo a pakhungu a mwanayo, ndipo makoswe anafunsidwa funso la kuopsa lokha. Ndiye kugawa mafunso kumene tikukuuzaniku si chinthu chachilendo pa mankhwala a RNA, ndi mmene ntchitoyi imayendera. Nsomba mukhozanso kuiika kachidutswa ka jini ya munthu, njira ya Tol2 ya a Koichi Kawakami imatheketsa zimenezo, koma kuti mzere wa nsombazo ukhazikike mudikira miyezi, chifukwa mbadwo uliwonse umatenga pafupifupi miyezi itatu. Pa antisense zikhoza kupindula. Pa siRNA mudzagundanabe ndi mpeni wobuntha uja.

Tiyamike:
Ndamva tsopano. Ndikauza otiyang'anira kuti nsomba tizigwiritse ntchito pa mafunso a kumene timipira tikupita, kumene tikutula RNA, ndi kuopsa kwa msanga. Za kuzimitsa jini zikhale za maselo a munthu ndi mbewa. Ndibaya pa tsiku lachiwiri kuti ndione kayendedwe m'magazi, ndi pa tsiku lachinayi kuti ndione chiwindi.

Limbani:
Zili bwino, achemwali, koma ndikupempheni zinthu zina. Muikemo mtundu umodzi wa timipira wodziwika kale khalidwe lake pa mbewa ndi pa anthu, monga wa mafuta a MC3 amene ali mu patisiran, kuti mukhale ndi poyerekezera. Amene akuwerenga zithunzi asadziwe kuti ndi mtundu uti. Ndipo posankha zopita ku mbewa, musatenge opambana okhaokha. Tengani ndi mtundu umodzi umene nsomba yaukana, bola ngati sinaukane chifukwa cha poizoni. Ukalepheranso pa mbewa, mwadziwa kuti sefa yanu ikusefa zoona. Ukapambana, mwadziwa kuti pa timipira ta mtundu wanuwo nsomba ikhoza kukutayitsani chinthu chabwino, ndipo zimenezo n'zofunika kuzilemba kuti ena adziwe.

Tiyamike:
Mbewa zinanso zoonjezera, komiti idzafunsa chifukwa.

Limbani:
Muwauze chifukwa chomwechi. Kagulu kamodzi kakang'ono lero kakutetezani kuti musadalire sefa yosayesedwa pa ntchito zonse zikubwerazo.

Mayi Nangozo:
Ndikugwirizana nawo a Limbani. A Tiyamike, musanayambe yezani kukula kwa timipira tanu m'mawa wa tsiku lobayalo, osadalira muyezo wa tsiku limene munatipanga. Tikagona mufiriji tina timamamatirana, singano imatseka, ndipo zotuluka zimakola m'timitsempha ta kumchira, inu n'kumayesa kuti ndi stabilin-2. Ndilembereni pambali, ndikutumizirani ndondomeko yathu ya kabayidwe ndi kakonzedwe ka agarose.